Phewa lanu ndi mwendo wa mnyamata: zimene ndapeza m'zolemba za a Thorborg

Achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Chisanu cha ku Dedza mukuchidziwa nokha, chaka chino chabwera ndi ukali wake wonse, moti m'mawa madzi a mu ndowa amachita kuluma zala. Kachewere tayamba kukumba. Amayi anu ndinawaona Loweruka pamsika, ali ndi mphamvu ndithu, koma akuti mwezi uno mwachedwa kuimba foni.

Uthenga wanu wa mawu uja ndinaumvera katatu. Mwati phewa lakumanja lakusautsani miyezi isanu tsopano, mukakweza mkono kufika cha m'khutu limabaya ngati singano, usiku simungaligonere, ndipo kuvala jekete kwasanduka ntchito. Mwati dokotala amene munamuona ku Cape Town kuko anakuuzani kuti fupa la pamwamba pa phewa likukhula mtsempha, ndipo jakisoni akapanda kuthandiza angadzalipale pa opaleshoni. Kenaka munawonjeza za mnyamata wathu uja, mwana wanu, kuti akamenya mpira mwamphamvu kapena kutembenuka mwadzidzidzi amamva kupweteka m'mphechepeche, koma akubisa poopa kuti amukhazika pa benchi. Ndiye munamaliza ndi funso lija, loti pa zonse zimene anthu akulankhula pa YouTube ndi TikTok, mumvere ziti.

Sindinafune kukuyankhani mothamanga pa WhatsApp, chifukwa nkhani yocheka munthu siyankhidwa uli chiimire. Ndatenga masabata awiri, madzulo alionse ana akagona, ndikuwerenga zolemba za munthu mmodzi kuchokera pamene anayambira. Dzina lawo ndi a Kristian Thorborg a ku Denmark. Ntchito yawo ndi yomwe ndimagwira ineyi, ya mafizo, kungoti iwo ndi pulofesa pa yunivesite ya Copenhagen ndipo amachita kafukufuku pa chipatala cha Hvidovre, m'mphepete mwa mzinda womwewo. Ndinawasankha chifukwa mavuto awiri a m'nyumba mwanu, la chiuno ndi la phewa, onse ali mu mndandanda wa zimene analemba.

Mndandandawo ndi wautali, zolemba zopitirira 200, ndipo aliyense angauone kwaulere pa PubMed, tsamba la pa intaneti losunga zolemba za kafukufuku wa zachipatala, akangolemba dzina lawo. Koma ine kutalika kwake sikundisuntha. Munthu akhoza kukhala ndi nkhokwe yaikulu m'kati muli zitsononkho zokhazokha. Ndikamawerenga ndimayang'ana ngati anthu oyesedwawo anagawidwa mwa maere, kuti wofufuza asasankhire mbali yake anthu amphamvu okhaokha. Ndimayang'ananso kuchuluka kwa anthuwo. Koma chimene ndimafunitsitsa kuona n'chakuti, tsiku limene zotsatira zinatuluka zosiyana ndi zimene mwini wake ankayembekezera, kodi anazilemba poyera? Dziwaninso kuti pa zolemba za mtunduwu dzina loyambirira nthawi zambiri limakhala la amene anagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku, mwina wophunzira, ndipo lomalizira limakhala la mkulu amene ankatsogolera. Choncho ndikamati a Thorborg, ndikunena gulu lonse la anthu amene amasenza nawo dengalo.

Ndiyambe ndi za mnyamata, chifukwa kumeneko n'kumene ntchito yawo inazika mizu.

Nkhani yake imayamba iwo asanatchuke, ndi mkulu wina amene akhala naye pa ntchito zaka zonsezi, a Per Hölmich, dokotala wa mafupa wochita maopaleshoni. Mu 1999 a Hölmich ndi anzawo anasindikiza kafukufuku m'magazini ya The Lancet. Anatenga anthu amasewera 68 amene anakhala nthawi yaitali akuvutika ndi ululu wa minofu ya m'kati mwa ntchafu, nawagawa pawiri mwa maere. Gulu loyamba linkalandira chithandizo chija wodwala amangogona n'kumachitiridwa, monga kutikitidwa, kuwongoledwa minofu, ndi makina a laser ndi a magetsi. Gulu lachiwiri linkakhetsa thukuta, kulimbitsa minofu ya m'ntchafu, ya pamimba ndi ya m'chiuno kwa masabata 8 mpaka 12. Potsiriza, anthu 23 a gulu lokhetsa thukuta anabwerera m'bwalo ululu utatha. A gulu lotikitidwa anabwerera 4 okha. Taganizani, achimwene, munthu amene ntchito yake ndi mpeni ndiye anaonetsa dziko kuti vutoli mankhwala ake ndi mafizo.

Chimene a Thorborg anawonjezapo poyamba chingaoneke chaching'ono, koma kwa ife a ntchitoyi n'chachikulu: anatipatsa miyezo. Mu 2010 anaonetsa kuti mphamvu ya minofu ya m'chiuno ingayezedwe modalirika ndi kachipangizo kogwira m'dzanja kotchedwa dynamometer, kamene wodwala amakankha n'kuonetsa nambala. Mu 2011 anatulutsa mafunso 37 otchedwa HAGOS, amene wodwala amayankha yekha. Amafunsa za ululu, za zizindikiro zina monga kuuma kwa chiuno, za ntchito za tsiku ndi tsiku, za masewera, za ngati munthu akutha kuchita nawo masewerawo monga ankachitira, ndi za momwe vutolo likumudyera mtendere. Mafunsowa anamasuliridwa m'zilankhulo zambiri.

Mwina mukudabwa kuti mafunso apapepala ali ndi ntchito yanji. Mukudziwa m'mene anthu athu alili. Ukamufunsa wodwala kuti mukupeza bwanji, amayankha kuti, "Ndikupezako bwino, adokotala," ngakhale sanagone usiku wonse, chifukwa safuna kukukhumudwitsa iwe amene ukuyesetsa. Ulemu umenewu ndi wabwino pamudzi, koma m'chipatala umasokeretsa. Ukamufunsa kuti kukwera masitepe kukukuvutani motani, kutuluka m'galimoto bwanji, kuthamanga bwanji, chilichonse pachokha ndi nambala yake, choonadi chimatulukira. Ine mafunso amtunduwu ndimawafunsa pakamwa m'Chichewa, n'kusintha masitepe kukhala chitunda cha ku dimba.

Ndi miyezo imeneyi anapita kwa osewera mpira 695 a ku Denmark, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la iwo anamvapo ululu wa m'chiuno kapena m'mphechepeche m'chaka cha mpira chomwe chinali chitangotha. Mumuuze mnyamatayo nambala imeneyi. Si iye yekha, ndipo si ulesi kapena kufooka. Ambiri mwa anthu oterewa samasiya kusewera, amangopirira, n'chifukwa chake mabuku a matimu owerenga okhawo amene ajomba masewero sankalionetsa vutoli kukula kwake.

Panalinso chisokonezo cha mayina. Ululu womwewo dokotala wina ankautchula dzina ili, wina lina, moti zolemba za mayiko awiri sizinkamvana. Mu November 2014 akatswiri 24 ochokera m'mayiko 14 anakumana ku Doha m'dziko la Qatar, a Thorborg ndi a Hölmich ali pomwepo, ndipo zimene anagwirizana zinasindikizidwa mu 2015. Anati ululu wa m'mphechepeche uzitchulidwa potengera pamene ukuchokera: minofu ya m'kati mwa ntchafu, mnofu wokwezera ntchafu kutsogolo, mzere wa m'munsi mwa mimba pamene pamatulukira hernia (chotupa chobwera matumbo akatuluka m'malo mwake), kapena fupa lakutsogolo kwa chiuno. Ululu wochokera polumikizira ntchafu ndi chiuno penipeni anauika paokha, ndi matenda ena paokha. Malinga ndi m'mene mwafotokozera, za mnyamatayo zikufanana ndi mtundu woyambawo, umene ndi wofala kwambiri kwa osewera mpira, koma wina amugwire ndi manja kuti atsimikize.

Tsopano ndifike pa fizo imene yatchukitsa dzina la mzinda wawo, imene makochi padziko lonse amangoitcha Copenhagen. Mu 2014 a Andreas Serner, a Thorborg ndi anzawo anayerekeza mafizo 8 a minofu ya m'kati mwa ntchafu, akuyeza ndi mawaya omata pakhungu kuti aone kuti ndi iti imene imagwiritsa mnofuwo ntchito kwambiri. Iyi inali m'gulu la zapamwamba, chonsecho sifuna makina alionse. Imangofuna mnzako.

Ndikufotokozereni m'mene timaichitira pa galaundi yathu, chifukwa mukukumbuka kuti ndimathandizira katimu ka anyamata kuno Lachiwiri ndi Lachinayi ndikaweruka. Mnyamata amagona chammbali pa kapinga, atatsamira chigongono pansi. Mnzake amaima kumbuyo kwake n'kunyamula mwendo wapamwamba, dzanja lina pa kakolo, lina pansi pa bondo, mpaka mwendowo utafika m'chiuno mwa wonyamulayo. Ndiye wogonayo amadzutsa chiuno kuti thupi liwongoke ngati thabwa, n'kukweza mwendo wapansi mpaka mapazi atakhudzana. Kukwera masekondi atatu, kutsika masekondi atatu, mosathamanga. Tsiku loyamba goloboyi wathu, chimnyamata chojintcha chimene chimanyamula thumba la feteleza ngati mtsamiro, anangokwanitsa katatu, thupi lonse likunjenjemera ngati bango m'madzi, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Anadzuka akupukuta udzu pa chigongono n'kunena kuti, "Abwana, mnofu umenewu sindinkadziwa kuti ndili nawo." Patatha mwezi ndi theka ankafika pa 12 mbali iliyonse akucheza ndi womunyamulayo.

Umboni woti fizoyi imateteza unachokera ku Norway. A Joar Harøy a ku Oslo ndiwo anatsogolera, a Thorborg ndi a Hölmich ali m'gulu la olemba, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2019. Anatenga matimu 35, osewera 652, n'kugawa matimuwo mwa maere. Matimu ena ankachita fizoyi katatu pa sabata kwa masabata 6 mpaka 8 ligi isanayambe, kenaka kamodzi kokha pa sabata kwa masabata 28 a ligi. Enawo ankangochita zamasiku onse. Mwa amene sankachita, pafupifupi 21 pa osewera 100 alionse ankadandaula za m'mphechepeche pa sabata. Mwa amene ankachita, anali 13 kapena 14. Ofufuzawo atawerengera bwino anapeza kuti chiopsezo chinatsika ndi 41 peresenti. Zonsezi ndi fizo imodzi ya mphindi zosakwana zisanu, yopanda mtengo. Ndi mtima womwewo umene unali mu kafukufuku wina wa 2011 amene a Thorborg analemba nawo, wa osewera 942 a ku Denmark: fizo ya Nordic yolimbitsa kumbuyo kwa ntchafu inachititsa kuti kuvulala kwa minofu imeneyo kukhale 15 m'gulu lochita, pamene m'gulu linalo kunali 52.

Koma mumve bwino apa. Kafukufuku wa ku Norway anali woteteza, ndipo mnyamata wathuyo ululu wayamba kale. Asayambire pa fizo yonse ija. Ili ndi makwerero atatu: loyamba ndi kugona chammbali n'kumangokweza mwendo wapansi, lachiwiri mnzako amakunyamulira pa bondo m'malo mwa pa kakolo, lachitatu ndi lija ndafotokoza. Ndipo musanachite chilichonse, muyeseni motere, njira imene a Thorborg anaisindikiza mu 2017. Agone chagada miyendo itawongoka. Inu ikani mkono wanu, kuyambira chigongono mpaka chibakera, pakati pa akakolo ake. Apane mkonowo ndi mphamvu zake zonse kwa masekondi asanu, kenaka akuuzeni ululu wake kuyambira 0 mpaka 10. Anaziika ngati maloboti a pamsewu. Kuyambira 0 mpaka 2 ndi kobiriwira, apitirize kusewera. Kuyambira 3 mpaka 5 ndi kwachikasu, achepetse ndipo aonedwe. Kuyambira 6 mpaka 10 ndi kofiira, aime kaye apite kuchipatala. Mugwiritse ntchito mkono wakumanzere, phewa lanulo lisalowe m'mavuto ena. Ndipo ngati pali chotupa m'munsi mwa mimba, kutupa kapena kupweteka kumaliseche, kutentha thupi, kutsimphina poyenda, kapena ululu womudzutsa usiku, zimenezo si za mafizo ayi, apite kwa dokotala tsiku lomwelo.

Tsopano za phewa lanu. Apa mpamene ndinakhala nthawi yaitali, ndipo mpamene anthu amenewa anandigwira mtima.

Taganizani munthu amene zaka zonsezi wakhala akuona kuti kulimbitsa minofu kumachiza ndi kuteteza. M'ntchafu zinatheka, kumbuyo kwa ntchafu zinatheka. N'zosadabwitsa kuti anaganiza kuti mwina odwala phewa sachira msanga chifukwa mafizo amene amapatsidwa ndi ochepa mphamvu. Ndiye anakonza zoyesa. A Mikkel Bek Clausen ndiwo anali dzina loyamba, a Thorborg lomaliza. Anatenga odwala 200 a vuto longa lanuli, ululu wa pansi pa fupa la pamwamba pa phewa umene watenga miyezi. Onse ankalandira chithandizo chamasiku onse chopanda opaleshoni. Theka la iwo, osankhidwa mwa maere, anawonjezeredwa mafizo ambiri olimbitsa phewa, okoka lamba wa mphira kunyumba kwa masabata 16. Pakutha pa miyezi inayi anayeza ululu ndi kagwiridwe ntchito ka phewa. Magulu awiriwo sanasiyane. Onse anapezako bwino mofanana, ndipo kuwonjezera mafizo kuja sikunapindule kanthu kooneka. Anapezanso kuti pafupifupi theka la odwala onsewo anali asanafike poti n'kukhutira ndi m'mene phewa lawo linalili.

Zimenezi anazisindikiza mu 2021 m'magazini ya American Journal of Sports Medicine, momveka, osazungulira. Achimwene, ine nditawerenga ndinaika foni pansi n'kukhala chete. Anthu amene dzina lawo linamangidwa pa kulimbitsa minofu analemba ndi dzanja lawo kuti pa phewa, kuchulukitsa mafizo sikunathandize. Chifukwa cha pepala limeneli ndimakhulupirira ndi 41 peresenti ya ku Norway ija.

Linandikhudza chifukwa linandikumbutsa mayi wina amene ndinamulakwira zaka zingapo zapitazo. Ankachokera kuseri kwa mapiri, wa zaka za m'ma 50, ndipo vuto lake linali loti sankathanso kudzitwika ndowa. Anandionetsa m'chipinda momwemo: anagwada, nagwira ndowa yopanda kanthu, naikweza kufika pachifuwa, ndipo pamene inkadutsa pa chibwano nkhope inakwinyika, mkono wakumanja n'kugwa. Kumanga duku ankachita kuweramitsa mutu kuti manja asakwere. Ndinamudulira malegeni a chubu cha njinga, monga timachitira kuno, n'kumuphunzitsa mafizo atatu. Sabata yotsatira atanena kuti kusintha n'kochepa, ndinawonjeza awiri. Sabata inayo ndinawonjeza enanso, n'kumuuza kuti azibwera Lachitatu lililonse. Mumtima mwanga ndinkati akapanda kuchira ndiye kuti sakulimbikira. Pa sabata yachisanu ndi chiwiri sanabwerenso.

Ndinadzakumana naye pa chigayo patapita miyezi yambiri. Mwana wake wamkazi ndiye anamutula thumba. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, n'kundiuza kuti anasiya kubwera chifukwa nkhuku zogulitsa kuti apeze ya kabaza zinatha. Anati pa mafizo onse aja anasungako awiri amene sankamupweteka, mpongozi wake anamulandira ntchito yotunga madzi, ndipo phewa linayamba kuphwa pang'onopang'ono. Anakweza mkono pamaso panga mpaka kukhudza duku. Nkhani ya munthu mmodzi si umboni, ndikudziwa. Koma nkhuku zija ndimazikumbukira mpaka lero, chifukwa ndinazidyetsa ku chikhulupiriro changa chimene ndinali ndisanachiyese.

Za opaleshoni yopala fupa ija, umboni wake sunachokere kwa a Thorborg, koma simungamvetse chifukwa chimene iwo ankafunira kukonza chithandizo chopanda mpeni mukapanda kuudziwa. Ganizo loti fupa limakhula mtsempha linatchuka ndi dokotala wa ku New York, a Charles Neer, mu 1972. Ndi ganizo lomveka bwino m'mutu, aliyense amene anaonapo chingwe chikudyeka pa mlomo wa chitsime angalivomere. Opaleshoniyi inafala kwambiri, makamaka itayamba kuchitidwa ndi kakamera kolowetsa pa tizibowo. Kenaka anthu anaiyesa. Ku Britain, a David Beard a ku Oxford ndi anzawo anatenga odwala 313 m'zipatala 32 n'kuwagawa patatu. Ena anapalidwa fupa. Ena anagonekedwa tulo, n'kubooledwa, kakamera n'kulowa, koma fupa osalikhudza, ndipo iwo sanauzidwe kuti ali m'gulu liti, atavomera okha zimenezi poyamba. Ena sanachitidwe kanthu. Zotsatira zinatuluka mu The Lancet mu 2018: opalidwa fupa ndi ongolowetsedwa kamera anachira mofanana. Magulu awiriwa anaposa osachitidwa kanthu aja pang'ono chabe, mwa mlingo umene ofufuzawo anati wodwala sangaumve kusiyana kwake. Chaka chomwecho a ku Finland anasindikiza zawo, za odwala 210 amene anawatsata kwa zaka ziwiri, ndipo nawonso anapeza kuti kupala fupa sikuposa kungolowetsa kamera. Mu 2019 gulu la akatswiri linalemba m'magazini ya BMJ kulangiza mwamphamvu kuti opaleshoniyi isamachitidwe pa vuto lotere.

Ndisakusokeretseni. Zonsezi zikunena za phewa limene layamba kupweteka pang'onopang'ono, popanda mtsempha kuduka chifukwa cha ngozi. Mukanakhala kuti munagwa pa makwerero mkono n'kukanika kukwera kuyambira tsiku lomwelo, kapena phewa linaguluka, ndikanakuuzani kuti thamangirani kwa dokotala wa mafupa, chifukwa mtsempha woduka mwadzidzidzi umafuna kusokedwa nthawi isanathe. Inu mwati simunagwe. Mwati zinayamba pa ntchito ya nyumba ija ya siling'i zazitali, masabata atatu mkono uli m'mwamba ndi rola.

Ndiye mwina mukufunsa kuti, ngati mpeni suthandiza ndipo mafizo ochuluka saposa ochepa, chatsala n'chiyani? Pali kafukufuku winanso wa ku Britain wa 2021, wotsogoleredwa ndi a Sally Hopewell, wa odwala 708. Anayerekeza kukumana ndi wa mafizo mpaka kasanu n'kamodzi, ndi kukumana naye kamodzi kokha koma n'kulangizidwa mokwanira, kupatsidwa mafizo ochepa ochitira kunyumba ndi malangizo olembedwa. Pakutha pa chaka sanasiyane, ndipo ambiri m'magulu onse anali atapeza bwino kusiyana ndi poyamba. Jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, anathandizako pang'ono pa masabata 8 oyamba, koma pakutha pa chaka amene anabayidwa sankaposa amene sanabayidwe. Choncho jakisoni amene akunenayo si woipa, angakupatseni tulo kwa kanthawi, kungoti si amene adzachize phewalo.

Maganizo anga ndi awa, monga mnzanu amene sanaligwire phewalo ndi manja. Pitani kwa wa mafizo ngakhale kamodzi, akupimeni bwinobwino, akupatseni mafizo awiri kapena atatu, ndipo muwachite mokhulupirika kwa miyezi itatu musanaweruze. Ululu pang'ono pochita si woopsa malinga ngati ukuzizira pofika mawa lake. Ukakula mpaka kukulanditsani tulo, mwapyola muyezo, bwererani m'mbuyo. Musalimange mkono pa nsalu n'kuusiya chikhalire, phewa losagwiritsidwa ntchito limauma. Koma chachikulu chili ku ntchito kwanuko. Lankhulani ndi anzanu a pa gulu kuti kwa miyezi iwiri kapena itatu inu muzipenta makoma, siling'i azipenta ena. Pamene simungazembe, lumikizani rola ku ndodo yaitali kuti zigongono zikhale m'munsi mwa mapewa, kapena kwezani sikafodi kuti musamachite kudzitambasula, ndipo muzitsitsa mkono pafupipafupi. Ndikudziwa kuti kumeneko tsiku losagwira ntchito ndi tsiku losalandira, ndipo kuno anthu akudikira ya fizi ndi ya feteleza. Anthu amene anayesedwa m'mafukufukuwa ndi a ku Denmark, Finland ndi Britain, kumene munthu akadwala amatha kupuma malipiro akubwera. N'chifukwa chake sindikunena kuti musiye ntchito. Ndikunena kuti muisinthe kagwiridwe. Kumbukiraninso kuti opaleshoni nayo ikanakukhazikani pansi masabata angapo opanda rand imodzi yolowa.

Mukabwerera kwa dokotala uja, musapite ngati wokatsutsana naye. Iye waona phewalo, ine sindinalione. Koma mufunseni mwaulemu ngati mtsempha waduka kapena ayi, ndipo ngati waduka, waduka wonse kapena mbali chabe. Mufunseni kuti opaleshoniyo akuyembekeza kuti ikupatsani chiyani choposa miyezi itatu ya mafizo, ndiponso kuti mudzakhala masabata angati musanagwirenso rola. Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso otere. Musachite mantha ndi zimene sikani ingaonetse, chifukwa anthu ambiri a msinkhu wathu ali ndi mitsempha yoperepeseka m'phewa chonsecho samva ululu uliwonse. Mupempheninso akuyezeni shuga. Bambo anu anali nawo, ndipo anthu a shuga amagwidwa kawirikawiri ndi mtundu wina wa vuto la phewa, lija limauma mbali zonse moti ngakhale munthu wina akakunyamulirani mkono sukwera. Limenelo chisamaliro chake n'chosiyana. Ndipo mukaona kutentha thupi, kuonda, thukuta la usiku, phewa kutupa n'kufiira, kapena dzanzi lotsika mpaka ku zala, musadikire miyezi itatu ndanenayo.

Chimene ndimalakalaka, achimwene, n'chakuti tsiku lina kafukufuku wonga uyu adzachitikire kuno. Osewera a ku Norway aja onse anali amuna, a m'matimu okhala ndi mabwalo osalala. Ndimafuna nditaona maere omwewo akugawa amayi otunga madzi, anyamata a kabaza, atsikana a netiboli, ndi anthu ngati inu openta nyumba za eni. Sukulu yathu ya zaumoyo ku Blantyre yakhala ikutulutsa a mafizo a digiri kwa zaka zoposa khumi tsopano, ndipo ena mwa achinyamata amenewa ndi akuthwa kwambiri. Ine ndayamba ndi zochepa zimene ndingathe. Ndili ndi kope limene ndimalembamo nambala ya ululu ya wodwala phewa aliyense pa tsiku loyamba ndi pakutha pa miyezi itatu, ochira ndi osachira omwe, ndipo amene akuchokera kutali sindimuuzanso kuti azibwera sabata iliyonse. Ndimakhala naye nthawi yokwanira tsiku loyambalo, ndimamujambulira mafizo ake pa pepala, n'kumuimbira foni pakatha mwezi.

Mundichitire zinthu ziwiri sabata ino. Alamu akujambuleni kavidiyo mutavula malaya, kuchokera kumbuyo: mukweze mikono yonse kutsogolo mpaka pamene mungafike, kenaka cham'mbali, kenaka muyese kufikitsa dzanja pakati pa msana ngati mukukanda. Muchite pang'onopang'ono ndipo munene pamene ululu ukuyambira ndi pamene ukuthera. Chachiwiri, munditumizire nambala imene mnyamata anene mukamuyesa kupana kuja, ndipo andiimbire yekha Lamlungu madzulo. Pali zina zimene mwana sanganene bambo ake ali pomwepo, ndipo ndikufuna ndimuuze ndekha kuti kukhala pa benchi masabata atatu tsopano n'kopepuka kusiyana ndi kutaya chaka chonse.

Alamu anu akonza nsinjiro ndi usipa wouma, tipatsira mnyamata wa kwa a mfumu amene akukwera basi ya ku Joni sabata ya mawa, ndipo akuti akafika adzapatsira wina wopita ku Cape Town. Ndaikamonso malegeni awiri amene ndadula ndekha, lina lofewa lina lolimba. Muyambire lofewalo. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse, ndipo amayi muwaimbire.

Ndine mnzanu wa kalekale,
wa ku Dedza